Cholakwa cha super() musachikwirire ndi try

Pafupifupi sabata iliyonse wophunzira wina amandibweretsera pulogalamu ya Python yomwe ikuonetsa AttributeError, uthenga wa cholakwa wonena kuti chinthu chimene pulogalamuyo ikufuna palibe, ndipo ndikaitsegula ndimapeza vuto lomwe lija: class ya mwana (class yotengera zinthu ku class ina, imene ndiye kholo lake) ili ndi __init__ yakeyake (gawo limene limakonza chinthu chatsopano chikamapangidwa), koma palibe pamene yaitana __init__ ya kholo lake. Python siichita zimenezi m'malo mwanu. Mukalemba __init__ yatsopano, ya kholo imasiyidwa, ndipo zonse zimene inayenera kukonza sizikhalapo kufikira mutalemba super().__init__(), mzere umene umaitana __init__ ya kholo. Ena amalemba super().__init__(self, dzina), osadziwa kuti self, dzina loimira chinthu chimene chikupangidwacho, imaperekedwa kale, koma iwowa sandidetsa nkhawa chifukwa uthenga wa cholakwa wotchedwa TypeError umawaimitsa pomwepo.

Imene imandiwawabe mumtima ndi pulogalamu yowerengera katundu ya sitolo ina, momwe class imodzi inali ndi makolo awiri ochokera kwa gogo mmodzi. Woilemba anaitana kholo lililonse ndi dzina lake, motero __init__ ya gogoyo inayenda kawiri, ndipo ulendo wachiwiri inafufuta mndandanda wa katundu umene kholo loyamba linali litadzaza kale. Kompyuta sinadandaule chilichonse. Panadutsa masabata angapo mwini sitolo asanazindikire kuti matumba a simenti a m'nkhokwe sakugwirizana ndi chiwerengero cha pakompyuta, ndipo pofika nthawiyo anali atayamba kale kukayikira mnyamata wogulitsa, yemwe sanalakwe kanthu. Mankhwala ake anali kuika super() m'ma class onse anayi, chifukwa super() imatsata ndondomeko ya mmene Python imayendera ma class, yotchedwa MRO, imene mungaione polemba dzina la class kenako .__mro__, ndipo imafika pa class iliyonse kamodzi kokha.

Chonde chenjerani ndi anthu amene amakuuzani kuti muzinge mzere wovutawo ndi try ndi except: pass kuti uthenga wa cholakwa usaonekenso, pakuti uthengawo ndi umene ukukulozerani pamene pali bala. Chenjeraninso ndi amene amakulangizani kulemba super(self.__class__, self). Imaoneka ngati ikugwira ntchito, koma tsiku limene wina adzapange class ya mdzukulu, __init__ idzadziitana yokha mobwerezabwereza mpaka pulogalamu itaima ndi cholakwa chotchedwa RecursionError. Malangizo ambiri otere anachokera m'masiku a Python 2, imene inasiya kukonzedwa pa 1 Januwale 2020, choncho mukawapeza pa intaneti muyambe mwaona chaka chimene analembedwa musanawakopere m'pulogalamu yanu.