Kodi olowa m'dziko opanda mapepala ndiwo amaba kwambiri?

Mbuzi ikasowa m'khola usiku ku Bangula kapena ku Ngabu, pofika m'mawa nkhani imakhala itafika kale kuchigayo: "Ndi a ku Mozambique awa, olowa opanda mapepala." Palibe wawaona, koma mlandu wagamulidwa kale.

Mphekesera yotereyi si ya kuno kokha, ndipo ku America anaiyesa ndi manambala. Ku Texas apolisi akamanga munthu, zimalembedwa ngati ali m'dzikomo mololedwa kapena ayi. Kafukufuku amene anatuluka mu 2020, wounika zaka za 2012 mpaka 2018, anapeza kuti obadwira konko ankamangidwa pa milandu yachiwawa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi opanda zikalata, ndipo pa milandu yakuba katundu, kuwirikiza kanayi.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu wopanda chiphaso amaopa wapolisi kuposa inu ndi ine, poti kamlandu kakang'ono kokha kangamubwezetse kwawo. Amagwira ganyu wake m'munda wa thonje, madzulo n'kukhala phee.

Kuba ng'ombe kuchigwa kuno kulipo, sindikukana, ndipo mbava zina zimachokeradi kutsidya. Komatu mlendo angadziwe bwanji khola ndi njira usiku popanda wa m'mudzi momwemo womulondolera? Kulowa wopanda zikalata ndi mlandu wa malamulo olowera m'dziko, si umbava.

Zimandipweteka kumva Msena wa ku Marka akunena zotere za Msena mnzake wa ku Mutarara. Mawu omwewa ndi amene ananenedwa pa abale athu ku South Africa mu 2008, ambiri n'kubwerera kuno chimanjamanja.