Musanayambe kumutsatira, muoneni pamene ali chete

Achinyamata amene ndimawaphunzitsa zisudzo kuno ku Zomba amafunsa kawirikawiri ngati nawonso ayambe kutsatira Lupita Nyong'o, wosewera m'mafilimu wa ku Kenya, poti dzina lake lili pakamwa pa aliyense. Funsoli ndi lofunika, chifukwa munthu amene mwasankha kumutsatira amakudyerani nthawi ndi ndalama za bandulo, komanso amakuumbirani maganizo a mmene sewero labwino liyenera kukhalira.

Mphoto ya Oscar imene Lupita adalandira mu 2014 inali ya gawo limodzi lokha, la Patsey, mtsikana wa ukapolo mu filimu ya 12 Years a Slave. Ovota ndi mamembala a bungwe la Academy ku America, ndipo makampani opanga mafilimu amalowetsa ndalama zambiri pokopa ovotawo. Mphotoyo ikutiuza kuti akatswiri anzake adagoma naye chaka chimenecho, koma siingakusankhireni inu.

Choyamba muonereni m'magawo osiyana kwambiri. Mu Queen of Katwe ya 2016 adasewera Harriet, mayi wamasiye wogulitsa chimanga ku Kampala, ndipo mu Us ya 2019 adasewera anthu awiri m'filimu imodzi. Ngati paliponse mukuona munthu yemweyo atangosintha zovala, ndiye kuti mwakopeka ndi nkhope. Ngati mayendedwe, kapumidwe ndi kayang'anidwe zikusintha mpaka mwaiwala dzina lake lenileni, pamenepo mwaona luso.

Chachikulu kwa ine ndi zimene wosewera amachita pamene mnzake ndiye akuyankhula. Tsitsani mawu a foni kapena TV, muyang'ane iye yekha. Wosakhwima amangodikira kuti nthawi yake yoyankhula ikwane, manja ali lende, maso ali gwa. Wokhwima amamvetsera ndi thupi lonse: mawu owawa akamufika, mapewa amagwa pang'ono, amameza malovu, dzanja limafuna pogwira ngakhale m'mphepete mwa chitenje. Samalaninso ndi mmene zithunzi zikusinthira, pakuti m'filimu gawo limodzi amalijambula kangapo, ndipo wolumikiza zithunzi amasankha pabwino pokhapokha. Pamene kamera yakhala pa nkhope yake nthawi yaitali osaduka, palibe womubisira zofooka, monga zimakhalira pa nsanja ya Great Hall, holo ya ku Yunivesite ya Malawi kuno ku Zomba, pomwe wosewera amaonekera yense kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Ambiri a ife tidakulira m'mavidiyo sho a ku Chinamwali kapena Matawale, komwe mafilimu amabwera atamasuliridwa m'Chichewa. Omasulirawa ndimawalemekeza, chifukwa adatsegulira mafilimu anthu osamva Chingerezi. Komabe mawu amodzi a womasulira amaphimba a osewera onse, nthawi zina nkuwonjezerapo nthabwala pamene nkhani ili ya chisoni. Mu Us, Lupita adasintha mawu a mmodzi mwa anthu awiri aja kukhala osasa ndi odukaduka, ndipo woonera yomasulira sangamve ntchito imeneyo. Pofuna kumuweruza, pezani filimu ya mawu ake enieni.

Za zithunzi za pa Facebook ndi Instagram sinditayapo nthawi. Zambiri zimakonzedwa ndi olembedwa ntchito yotsatsa, ndipo zimaonetsa madiresi, osati kasewero.

Muyeso womwewu muuyike pa athu, monga a Flora Suya, amene adasewera mu The Last Fishing Boat ya a Shemu Joyah mu 2012, kapena a Joyce Mhango Chavula, amene filimu yawo ya Lilongwe idapata mphoto ya mafilimu a mu Africa yotchedwa AMVCA ku Nigeria mu 2016. Kwa iwo chisankho chanu chimalemera kwambiri, chifukwa Lupita sangadziwe kuti ku Zomba wapeza womutsatira wina, pamene tikiti imene mwagula pa chionetsero, m'malo mokopera filimu pa memori kadi kumsika, imathandiza kulipira kamera ndi galimoto za filimu yotsatira.