Malipenga a ku Garfield atatonthola, mkangano wa 1971 wabukanso

Mu Epulo 2024 gulu la The Cadets lidakauza khoti ku America kuti chuma chatha ndipo likutseka. Chimenecho chidali chaka choti likwanitse zaka 90. The Cadets lidali limodzi mwa magulu a achinyamata oimba malipenga ndi ng'oma uku akuguba pabwalo la mpira, amene kwawoko amawatcha drum and bugle corps, ndipo lidatenga chikho ka 10 pa mpikisano waukulu wa bungwe la Drum Corps International, DCI mwachidule. Chimene chidaligwetsa sichobisika. Thumba lidali litabooka kale, kenako padabwera mlandu wa mayi wina amene adali membala, wodandaula kuti adachitidwa nkhanza zogonana m'zaka za m'ma 1980, ndipo ndalama za maloya zidamaliza zotsalazo. Kumbuyoko, mu 2018, mkulu wa gululi adali atatula pansi udindo nyuzipepala ya Philadelphia Inquirer itatulutsa madandaulo a amayi angapo. Nkhani zimenezi n'zolemera pazokha ndipo siziyenera kukwiriridwa ndi nkhani ina. Komabe maliro a gululi adautsanso mkangano wakale pakati pa anthu amene adagubapo: kodi zimene zidachitika mu 1971, pamene magulu otere adadzipangira okha bungwe la DCI, zidapulumutsa mwambowu, kapena ndi pamene udayamba kufa?

Chiyambi chake n'chachidule kufotokoza. Asilikali obwera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse adabwera ndi chizolowezi cha perete, lipenga ndi ng'oma, monga momwe kwathu kuno nkhondo yomweyo idasiyira gule wa malipenga m'mbali mwa nyanja. Mabungwe awiri a asilikali opuma, American Legion imene idakhazikitsidwa mu 1919 ndi Veterans of Foreign Wars kapena VFW, adali ndi nthambi pafupifupi m'tauni iliyonse, ndipo nthambizo zidayamba kukhala ndi magulu awo oimba. Kenako zidafika kwa ana. Maparishi a Katolika ndi magulu a Boy Scouts adalowererapo pofuna kuchotsa anyamata m'misewu. The Cadets idabadwa motero mu 1934 ku parishi ya Holy Name m'tauni ya Garfield ku New Jersey. Madison Scouts idayamba mu 1938, ndipo Cavaliers idachokera ku gulu la Scouts la Troop 111 ku Chicago mu 1948, pansi pa mnyamata wotchedwa Don Warren.

Mwana sankafunika kudziwa nyimbo kuti alowe. Lipenga loyambalo lidalibe podina paliponse, lidali ndi mawu ochepa, ndipo ambiri ankaphunzira pomvera mnzawo. M'zaka za m'ma 1930 adaloleza kabatani kamodzi kodina ndi chala chachikulu, ndipo zidatenga zaka zoposa 30 kuti aloleze kachiwiri. Ku magulu oterewa n'kumene kudachokera oimba ng'oma ena otchuka padziko lonse. Steve Gadd adagubapo ndi Rochester Crusaders. Billy Cobham, wobadwira ku Panama n'kukulira ku New York, adali mu St. Catherine's Queensmen, gulu la parishi. Amene amamvetsera bwino manja a Gadd amauzindikira mwambo wa perete mmenemo.

Koma eni mpikisano adali asilikali opuma aja, ndipo ankauyendetsa ngati kambi ya asilikali. Lisadalowe m'bwalo, gulu lonse linkaima pamzere, woweruza n'kumayenda pang'onopang'ono kutsogolo ndi kumbuyo kwa mwana aliyense, pepala lili m'manja. Nsapato yosapolishidwa bwino, ulusi wolendewera pa yunifolomu, tsitsi lokhudza kolala, chidindo cha chala pa lipenga, chilichonse chinkachotsetsa kachigawo kamodzi mwa magawo khumi a pointi. Kachizindikiro ka cholakwako ankakatcha tick. Kenako mfuti inkalira, gulu n'kunyamuka kuchokera kumapeto kwa bwalo, kukamalizira kumapeto enawo. Kupereka ulemu ku mbendera ya dziko kudali kokakamiza. Ku VFW ngakhale liwiro la mapazi linkawerengedwa pa mphindi, ndipo wofulumira kapena wochedwa ankalangidwa. Zikho zinkatha kupita kwina chifukwa cha nsapato, ana atatha chaka chonse akuyeserera nyimbo.

Chachiwiri chidali ndalama. Magulu otchuka ankadzaza mabwalo, koma mphoto imene ankalandira nthawi zambiri sinkakwanira ngakhale mafuta a mabasi. Malamulo ankapangidwa ndi anthu amene sankaphunzitsa ana ndipo sankalipira ulendo. Magulu a akuluakulu adatopa msanga n'kupanga bungwe lawo la Drum Corps Associates, limene mpikisano wake woyamba udachitika mu 1965. A achinyamata adapirirabe zaka zina zingapo.

Nkhani imene aliyense amaikonda ndi yoti Don Warren wa Cavaliers ndi Jim Jones, amene adayambitsa Troopers ku Casper m'chigawo cha Wyoming mu 1957, adakumana m'chimbudzi cha pabwalo mu 1970 n'kuyamba kudandaulirana. Nkhaniyi idafotokozedwa ndi eni akewo patapita zaka, palibe pepala la tsikulo, choncho mawu enieni amene adalankhulana sangatsimikizidwe. Chotsimikizika ndi chimene chidatsatira. Awiriwa adakopa Gail Royer wa Santa Clara Vanguard, Bill Howard wa Madison Scouts ndi David Kampschroer wa Blue Stars, ndipo mu 1971 magulu asanuwo adadzigulitsa ngati mtolo umodzi wotchedwa Combine. Wofuna kukonza mpikisano amayenera kuwatenga onse asanu pa mtengo umene iwo anena, apo ayi sapeza ngakhale limodzi. Kum'mawa kwa dzikolo magulu enanso asanu adachita chimodzimodzi: Garfield Cadets (dzina la The Cadets panthawiyo), Boston Crusaders, 27th Lancers, Blue Rock ndi Blessed Sacrament Golden Knights a ku Newark.

Chilimwe chomwecho zinthu zidasinthanso pabwalo penipeni. Cavaliers adabwera ndi chionetsero cha sekasi, muli munthu wovala ngati wanthabwala. Madison Scouts adaika anthu ovala za m'nthano za ana. Garfield, amene m'zaka zimenezo za nkhondo ya ku Vietnam ankaima pabwalo mojambula chizindikiro cha mtendere, adasewera nkhondo ya ufulu wa America ngati chisudzo. Kwa bambo amene adamenya nkhondo ku Ulaya kapena ku Pacific, yemwe kwa iye perete adali mwambo wokumbukira anzake amene sadabwerere, izi zidali zowawa, ndipo sindikuona kuti kuwawidwa kumeneko kudali kopanda pake. Akuluakulu a VFW sadafune kumva za zovala za zisudzo pa mpikisano wawo wa ku Dallas, umene Santa Clara Vanguard idapambana. Akale ambiri amakumbukira malaya amene ankagulitsidwa chaka chimenecho, olembedwa kuti 1971 ndi chaka chimene drum corps idamwalira.

Chakumapeto kwa chakacho atsogoleri adakumana ku Indianapolis, kumene American Legion imachititsa msonkhano wake wa malamulo, ndipo adagwirizana zoyamba bungwe lawolawo, DCI. Pa magulu khumi aja padawonjezeka Anaheim Kingsmen a ku California, Argonne Rebels a ku Great Bend m'chigawo cha Kansas, ndi De La Salle Oaklands a ku Toronto, onse pamodzi 13. Mpikisano woyamba wa DCI udachitika mu Ogasiti 1972 m'tauni yaing'ono ya Whitewater ku Wisconsin. Kingsmen adapambana, Blue Stars n'kukhala achiwiri.

Zotsatira zake zidayenda monga momwe aliyense angaganizire pamene ophunzitsa nyimbo adzipangira okha malamulo. Mzere woyendera nsapato udatha. Mu 1984 tick idachotsedwa, oweruza n'kuyamba kupereka mapointi pa zabwino m'malo mongowerenga zolakwa. George Zingali, amene adachokera ku 27th Lancers, adaphunzitsa Garfield kuguba mothamanga m'mizere yopindika, ndipo adatenga zikho zitatu zotsatizana kuyambira 1983 mpaka 1985. Mabatani a lipenga adakhala atatu mu 1990, mu 2000 lipenga lakale lolira mu kiyi ya G lidasiya kukhala lokakamiza, ndipo mu 2004 zokuzira mawu zidaloledwa. Gulu la Star of Indiana, loyambitsidwa ndi ndalama za mpondamatiki Bill Cook, lidapambana mu 1991, kenako lidachoka n'kusanduka chionetsero cha pa siteji chimene chidalandira Tony, mphoto yaikulu ya zisudzo ku America, mu 2001.

Tsono ndani akunena zoona? Oikira kumbuyo DCI ali ndi mfundo zolimba. Magulu adali atayamba kale kufa 1971 isadafike. Anyamata ankatengedwa kupita ku Vietnam, mabanja a Katolika ankasamuka m'mizinda, maparishi n'kutsala opanda ndalama, asilikali opuma ankakalamba, ndipo mu 1973 mtengo wa mafuta udakwera koopsa. The Cadets yomwe idatayana ndi parishi yake mu 1958, DCI kulibe, pamene parishiyo idakana kulipira ulendo wa ku Chicago n'kusunga yunifolomu, ndipo idapulumutsidwa ndi nthambi ya Legion ya ku Garfield. Chiwerengero cha magulu amene adalipo m'ma 1960 n'chovuta kuchidalira, popeza padalibe kaundula mmodzi ndipo ambiri ankangoguba pa perete wa kwawo osalembedwa paliponse. Ena amati adali mazanamazana, ena amati zikwi.

Koma mbali inayo ilinso ndi chimene ikunena, ndipo chimaoneka ndi maso. DCI idamanga mpikisano wake pa ulendo wa milungu yambiri wodutsa dziko lonse, ndipo gulu losatha ulendowo lidasiya kuwerengedwa. Ana aluso adayamba kusiya magulu a kwawo n'kupita ku otchuka. Lero membala wa gulu lalikulu amayamba wayesedwa mayeso olowera, ambiri ndi ophunzira nyimbo ku koleji, ndipo amalipira madola zikwi zingapo pa chilimwe chimodzi. Nyimbo zake n'zokoma kuposa kale, zimenezo palibe angatsutse. Koma mwana wa pakona amene wansembe ankamupatsa lipenga Lachiwiri madzulo, asakudziwa ngakhale notsi imodzi, alibenso khomo lolowera ngati lija.

Mwa magulu 13 aja, asanu onse a Combine akadalipo, ngakhale Santa Clara Vanguard idapuma mu 2023 chifukwa cha ndalama. A kum'mawa, ochokera m'matauni a mafakitale ndi m'maparishi, adatha mmodzimmodzi: Blessed Sacrament idatseka DCI itangoyamba kumene, Blue Rock n'kutsatira, 27th Lancers idaguba komaliza mu 1986, ndipo The Cadets itagwa padatsala Boston Crusaders yokha. De La Salle idaphatikizana ndi gulu lina, Kingsmen ndi Argonne adazilala. Mu 2007 akale a Kingsmen, ambiri ali ndi imvi, adasonkhana n'kuguba pa bwalo la Rose Bowl ku Pasadena atanyamula malipenga a G. The Cadets nayo, pokondwerera zaka 75 mu 2009, idabwezeretsa dzina la Holy Name Cadets kwa chilimwe chimodzi, ndipo nyimbo imene akale ake amaimba akakumana, atagwirana mapewa, imatchulabe dzina la parishi ya ku Garfield ija.