Ndalama ili m'dzina la mayi, koma nthawi yake akuiwerengera ndani?

Boma likayambitsa ndondomeko yopereka ndalama kwa mabanja osauka, nthawi zambiri limalemba dzina la mayi. Chifukwa chake n'chomveka: ndalama ikagwera m'manja mwa mayi, yambiri imathera pa ana. Koma ife amene timaunika ndondomeko zoterezi timafunsanso kuti, kodi mayiyo akupindula, kapena boma likungodzera mwa iye kuti lifikire ana?

Ku Mexico, boma linayambitsa ndondomeko yotere yotchedwa Progresa mu 1997. Ndalama zinkaperekedwa kwa amayi, ndipo atsikana a ku sekondale ankalandira zochulukirapo kuposa anyamata poti ndiwo ankafulumira kusiya sukulu. Apa anaganiza bwino. Komano thandizolo linali ndi malamulo ake: kupita ndi ana ku chipatala pa masiku oikika, kukhala nawo pa maphunziro a zaumoyo, kuonetsetsa kuti mwana sakujomba. Zonsezi zinagwera mayi yemwe uja wophika, wodwazika matenda, wosakanso ndalama. Akaphonya misonkhano chifukwa cha ntchito, banja linkatha kudulidwa thandizo. Za bambo sizinkamveka kwenikweni.

Malamulo otere sabwera mwangozi. Andale amawakonda chifukwa anthu okhoma misonkho amavomera msanga akamva kuti osauka sakungolandira zaulere. Ndondomeko imadutsa ku nyumba ya malamulo, koma wolipira mtengo wake ndi mayi, ndipo amalipira ndi nthawi yomwe palibe bajeti imaiwerengera. Ine izi zimandipweteka, chifukwa ntchito yosamalira ana ndi odwala ndiyo yomwe inamulepheretsa kale kupeza ntchito yolipidwa.

Ku India, lamulo la 2005 linalonjeza banja lililonse la kumudzi ntchito ya masiku 100 pa chaka. Linanenetsa kuti mwa ogwira ntchito atatu aliwonse m'modzi akhale mayi, malipiro akhale ofanana, ntchito ikhale pafupi ndi kwawo, ndiponso pakhale wosamalira ana aang'ono pamalo a ntchito. Amayi anabwera mwaunyinji. Koma mfundo ya osamalira ana ija ndiyo inanyalanyazidwa kwambiri. Zolembedwa zinali zabwino. Oyang'anira ntchito m'midzi ndiwo sankaiona ngati nkhani yofunika, ndipo panalibe wowakakamiza.

Dziko la South Africa linatenga njira ina. Ndalama yothandizira kulera mwana yotchedwa Child Support Grant, yomwe inayamba mu 1998 potsatira malangizo a komiti yotsogozedwa ndi Francie Lund, imaperekedwa kwa aliyense amene akulera mwanayo, kaya ndi mayi, gogo, azakhali kapena bambo. Komitiyo inazindikira kuti ana ambiri sakhala ndi makolo onse awiri. Chachikulunso n'chakuti malamulo oyendetsera dzikolo a 1996 amati thandizo lotere ndi ufulu wa munthu, choncho wolandira sapempha chifundo, ndipo akamanidwa atha kukadandaula mpaka ku khoti.

Kusiyana kwa ufulu ndi mphatso ya chipani cholamula si nkhani yaing'ono. Ku Brazil, ndondomeko yothandiza mabanja osauka yotchedwa Bolsa Família ya mu 2003, yomwe makadi ake ambiri ali m'maina a amayi, inathetsedwa mu 2021 n'kubwera Auxílio Brasil, kenako inabwezeretsedwa mu 2023 boma litasintha. Ku Mexico ndondomeko ija, yomwe pomaliza inkatchedwa Prospera, inathetsedwa mu 2019. Mayi amene sadziwa ngati alandirabe chisankho chikadutsa sangalimbe mtima kuyamba bizinesi, kapena kuchoka m'banja la nkhanza.

N'chifukwa chake ndikamaunika ndondomeko sindiyambira pa chiwerengero cha amayi olembedwa. Ndimafuna kudziwa ngati mayi wopanda chiphaso kapena foni yakeyake angalandire, ngati mtsikana wobereka akadali wamng'ono akuwerengedwa, ndiponso ngati pali kokadandaula wolemba maina akamafuna zachiwerewere kuti amulembe. Ndimafunsanso amene anakhala nawo pamene unduna wa zachuma unkagawa ndalama, chifukwa m'maiko ambiri unduna woona za amayi umaitanidwa zonse zitagamulidwa kale.