Mbawa ndi msambamfumu si pachibale

Ku shedi ya akalipentala pa boma la Nkhotakota, wogula akafuna chitseko amangoti, "Bambo, chikhale cha mahogany." Amalume anga, amene ayamba kupala matabwa ine ndisanabadwe, amayamba amufunsa kaye: "Achimwene, mukunena mbawa kapena msambamfumu?" Ambiri amangoti kakasi.

Dzinali si lathu. Mahogany weniweni kwawo ndi ku zilumba za Caribbean ndi ku Central America, ndipo azungu ankapangira mipando yamtengo wapatali. Amalonda a matabwa atapeza mitengo ya mtima wofiira mu Africa muno, anangoimata dzina lomwelo poti ndilo linkayenda malonda. Pa mbawa sanaphonye kwenikweni, chifukwa ndi banja limodzi ndi wa ku America uja. Koma msambamfumu ndi wa banja la nyemba.

Zipatso zake ndizo mboni. Tolani chikhokhombe cha msambamfumu: ncholimba gwa, chophwatalala, ndipo mkati mwandanda njere zakuda zovala kachipewa kofiira, zija tinkaboola n'kupanga mikanda tili ana. Cha mbawa ncholulungika, chikauma chimang'ambika panayi kapena pasanu, njere zake zopepuka n'kumauluka ndi mphepo. Mbawa umakonda m'mbali mwa mitsinje ngati Bua, umawongoka n'kutalika, nchifukwa chake asodzi ankaufuna posema bwato. Msambamfumu ngolemera, chiswe chimauopa.

Zomwezi zinachitikanso ndi mlombwa, uja ukautema umatuluka utomoni ngati magazi, ndi mbale wake mukula. Ogula a ku China amafuna matabwa amene iwo amati hongmu, kutanthauza mtengo wofiira, ndipo mukula unagwera m'dengu lomwelo. Unadulidwa kwambiri moti mu 2019 pangano la maiko loteteza nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha, lotchedwa CITES, linauika pa mitengo yofunika chilolezo pougulitsa kunja. Mu 2022, pa msonkhano wa panganoli ku Panama, anaonjezerapo mbawa, msambamfumu ndi mlombwa.

Chimandiwawa nchakuti dzina limodzili limabisa mtengo umene ukutha, ndiponso limapatsa mpata akamberembere. Mnansi wathu anagula bedi la bulugama wopaka vanishi wofiira n'kulipira ndalama za bedi la mbawa. Amalume analinyamula mbali imodzi, anapala pang'ono pansi pa mwendo ndi mpeni, n'kununkhiza. "Mayi, apa akudyerani," anatero.