Pini yosalumikizidwa siwerenga 0

Achinyamata ambiri ophunzira Arduino (kakompyuta kakang'ono koyendetsera zipangizo zamagetsi) kuno ku Salima amakhulupirira kuti batani likakhala losadinidwa, pini (kamwendo ka Arduino komwe batani limalumikizidwa) imawerenga 0. Si zoona ayi. Pini yomwe sinalumikizidwe ku 5V (mbali ya pozitivi ya magetsi) kapena ku GND (mbali ya negativi) imangoyandama ngati bwato lopanda nangula ku Senga Bay. Imatola timagetsi ta mawaya apafupi, ngakhale ta dzanja lanu, n'kumasinthasintha pakati pa HIGH (1) ndi LOW (0). N'chifukwa chake pampu ya kudimba yoyendetsedwa ndi Arduino imayaka yokha, inu n'kumada batani labwinobwino.

Ikani resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa) ya 10k pakati pa piniyo ndi 5V, kapena sankhani INPUT_PULLUP mu pinMode (lamulo la mu pulogalamu lokonzera pini), chifukwa resistor ina ilimo kale mu chip ya Arduino. Mwendo umodzi wa batani upite ku piniyo, wina upite ku GND. Zikatere, mukadina muwerenga LOW, mukasiya muwerenga HIGH.