Kansanza kofiira pakhomo ndi umboni wa chani?

Sabata yatha mayi ena a ku Mbare kuno ku Harare, kumudzi ndi ku Dedza, anafika ku ofesi kwanga ndi kajumbo, mkati muli kansanza kofiira kokulunga ndi ulusi wakuda, singano ziwiri ndi tsitsi. Akuti anakatola pakhomo m'mamawa, patangotha masabata awiri bambo akunyumba n'kugwa sitiroko. "Aloya, umboni ndi uwu, tiyeni kukhoti."

Ndinawauza kuti mayi, kanthuka ndi umboni ndithu koma wa chinthu chimodzi basi, kuti alipo munthu anakaika pakhomo panu. Ndani, kansanza sikanena. Zoti ndi komwe kanagwetsa bambo ndiye nkhani ina, makamaka poti khadi la kuchipatala likuonetsa kuti BP inali yokwera kalekale ndipo mapilisi anasiya kumwa.

Ambiri amati kuno ku Zimbabwe boma linavomereza ufiti mu 2006. Sizili choncho kwenikweni. Chaka chimenecho anachotsa lamulo la atsamunda la 1899 n'kuika latsopano, ndipo pano munthu wochita zomwe anthu amazidziwa kuti nzaufiti ndi cholinga choti mnzake avulale, mnzakeyo n'kuchitadi mantha, atha kulowa ndende mpaka zaka 5. Koma taonani bwino, majisitireti pa khoti la Rotten Row ku Harare safunsa ngati mankhwalawo anagwira ntchito, amafunsa kuti anachita chani, anamuona ndani, ankafuna chani. Kuloza mnzako kuti ndi mfiti popanda maziko, kapena chifukwa tsikamutanda (sing'anga wosaka afiti) waombeza, ndi mlandu nawonso.

Nanga umboni wa mphamvu yeniyeniyo ungaoneke bwanji? Kwa ine, mwini mphamvu aneneretu chomwe chichitike zisanachitike, tsiku ndi malo, okayika aloledwe kufufuza paliponse, ndipo abwereze kangapo iwo ali pompo. Mukukumbuka sing'anga Rotina Mavhunga wa ku Chinhoyi mu 2007, uja ankati dizilo akutuluka m'thanthwe? Nduna zathunthu zinavula nsapato pamaso pake. Kuseri kunali payipi ndi thanki, zikanangofunika munthu mmodzi wokwera phirilo n'kukasuzumira.

Mayi aja ndinawafunsa ngati alipo anaona woika kansanzako. Akuti mdzukulu anangomva geti ikulira usiku. Ndinawalangiza kuti akapereke lipoti kupolisi osatchula dzina la neba yemwe akumuganizira, kenako abwerere ndi bambo kuchipatala.